Chingwe cha TV pa Maliro a Achimwene

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene achimwene anga a Limbani anamwalira ku Balaka, ine ndi amayi tili ku Indianapolis. Papita nthawi ndithu, koma mpaka lero ndikaona munthu akulowa m'nyumba ya maliro atanyamula TV, mtima wanga umayamba kuwira. Ndikudziwa kuti kusunga mkwiyo si kwabwino. Abusa anandiuza, amayi anandiuza, inenso ndimadziuza ndekha. Koma mkwiyowo ulipo, ndipo ndikufuna ndifotokoze kumene unachokera.

Tinabwera kuno ndili wamng'ono, amayi atapeza malo ophunzira unamwino. Bambo anali atatisiya kale. Achimwene anali atapitirira msinkhu woti n'kulembedwa ngati mwana pa mapepala a amayi, choncho anatsala kwa amalume ku Balaka. Pa bwalo la ndege amayi anawalonjeza kuti akangokhazikika adzawaitana. Kukhazikikako kunachedwa. Amayi ankaphunzira masana, n'kumakagwira ntchito yosamalira okalamba nthawi yotsalayo, ndipo ndi achimwene tinkangolankhulana pa foni, mawu okha, chifukwa netiweki ya kumudzi inali yovuta kutumiza kanema. Tsiku lina njinga yamoto imene anakwera inawombana ndi lole pa msewu wa ku Liwonde, basi nkhani ya kuitanayo inathera pomwepo.

Amayi sakanatha kupita ku maliro. Mapepala awo okhalira kuno anali asanatuluke, ndipo loya anali atawauza mosabisa kuti akatuluka m'dziko muno sadzaloledwanso kulowa. Akanapita, sukulu yawo ikanathera panjira, ine n'kutsala kwa anthu. Chimene chinawatsalira chinali chimodzi chokha, kuona nkhope ya mwana wawo bokosi lisanatsekedwe. Msuweni wanga Yamikani, mwana wa amalume, anabwereka foni yabwinoko n'kulonjeza kuti nthawi yoona nkhope ikakwana adzaima pambali pa bokosi, foni ili m'manja. Tsiku loti mawa ndi maliro tinayesa. Amayi anaika laputopu yawo yakale pamiyendo, ija yomata ndi tepi pakona, Yamikani anaimba, ndipo nkhope yake inaoneka. Chithunzi chinali chaching'ono, nthawi zina chinkaima, koma munthu ankazindikirika. Amayi anati zimenezo n'zokwanira.

Amalawi anabwera, ndipo pamenepa sindingawanyoze. Anachokera ku Beech Grove, ena ku Lafayette Square, ena anangovula yunifolomu ya kuchipatala m'galimoto n'kumanga chitenje. Kanyumba kathu ka ku Lawrence kanadzaza. Anatulutsa mipando pabalaza, anayala matiresi pakona kuti amayi akhalepo, azimayi n'kukhala pansi mowazungulira. Azibambo anadzipanikiza kukhitchini ndi pamasitepe. Nyumba yonse inkanunkhira tiyi ndi mafuta opaka a azimayi. Mwambo wathu mumaudziwa, wofedwa sagwira ntchito, salamula, satsutsa. Amakhala pansi, anthu n'kumamuchitira zonse. Ndi mwambo wabwino, ndipo ndi umene unawamanga manja amayi anga tsiku limenelo.

Maliro a kwathu akamafika pa kuona nkhope dzuwa litapendeka, kuno kumakhala kukungocha. M'mawa umenewo panafika Bambo Mbewe kuchokera ku South Bend, ulendo wa maola angapo pa galimoto. Bambo amenewa ndi amene anatilandira titangofika m'dziko muno. Tinagona m'chipinda chapansi cha nyumba yawo miyezi yoyambirira, anaphunzitsa amayi kuyendetsa galimoto pa chipale chofewa, ndipo komiti iliyonse ya Amalawi, kaya ya ukwati kaya ya maliro, wapampando ankakhala iwo. Anali munthu wabwino, ndipo chimenecho ndi chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Munthu woipa umatha kumutukwana n'kupepukidwa.

Analowa ndi amuna awiri atanyamula chinthu chokulungidwa m'bulangete. Atavundukula, inali TV yawo yatsopano, yaikulu ngati chitseko. Anaichotsa pakhoma la nyumba yawo n'kuyenda nayo ulendo wonsewo. Anati ndi ya 4K, mtundu umene unali utangoyamba kumene kufala, ndipo ankati pa TV imeneyo umaona ngakhale tsitsi limodzilimodzi la munthu. Azibambo anaizungulira n'kumagwedeza mitu. Ena anaiwala kuti ali pamaliro, anayamba kufunsa kumene anaigula.

Nthawi imeneyo n'kuti Yamikani ataimba kale foni. Laputopu inali pamiyendo ya amayi, ine nditakhala pambali pawo. Tinkaona khonde la nyumba ya amalume, mitu ya azimayi yovala maduku, ndipo nyimbo inkamveka modukaduka. Bambo Mbewe anafika pafupi, anagwada ndi bondo limodzi mwaulemu wonse.

"Mayi, musamavutike ndi kakanthu kameneka," anatero. "Tikukonekitirani pa TV, mumuone mwana bwinobwino. Anthu onsewanso aone nawo."

Ndinaona zala za amayi zikugwiritsa m'mbali mwa laputopu ija. Anti Rose, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi amene anakhala mbali inayo, anawakhudza paphewa n'kuwanong'oneza kuti awapatse, akufuna kuwathandiza. Amayi anatsegula manja.

Chingwe cholumikizira kompyuta ndi TV, chimene amati HDMI, chinali chachifupi. Choncho laputopu anaiika pa kampando pafupi ndi TV, kutali ndi matiresi a amayi, itayang'ana kwa azibambo. Bambo Mbewe analowetsa chingwe. Nthawi yomweyo sikirini ya laputopu inada bii. TV nayo inangoonetsa mtundu wabuluu ndi timawu tosonyeza kuti palibe chithunzi chikufika. Mawu okha ndi amene anatsala, akutuluka pa timasipika ta laputopu. Patapita zaka ndi pamene ndinadzamvetsa chimene chinachitika. Laputopu ija amayi ankaigwiritsa ntchito kusukulu poonetsa zinthu pakhoma, ndipo inakonzedwa kuti ikangolumikizidwa izizimitsa sikirini yake, chithunzi chonse n'kuchitumiza kunja. TV nayo inkafuna chithunzi chachikulu chimene makina akale aja sakanatha kupereka. Laputopu yazimitsa, TV yakana kulandira, ife pakati osaona kanthu.

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira ndi manyazi. Azibambo onse anasanduka akatswiri. Uyu akuti chingwe achilowetse pa bowo lina, pakuti kumbuyo kwa TV kunali mabowo angapo. Uyo walanda rimoti, akudina apa, akudina apo. Wina anati vuto ndi kukula kwa chithunzi, achichepetse, koma uchepetsa bwanji pa sikirini yakuda? Wina anati angoizimitsa kompyutayo n'kuiyatsanso, anzake n'kumukaniza kuti foni iduka. Awiri anatulutsa mafoni awo kufufuza pa intaneti. Ankalankhula onse pamodzi, Chichewa ndi Chingerezi kusakaniza, misana yawo itatchinga zonse. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka kuyang'ana pakona pamene panali amayi.

Kenako mawu a Yamikani anamveka, aang'ono, ngati akuchokera m'chitini.

"Azakhali, atsegula. Mukuona? Ndayandikiza foni."

"Sindikuona, mwana wanga," amayi anayankha mokweza kuti awamve. "Auze adikire pang'ono."

Yamikani anapita kukapempha. Tinamumva akulankhula ndi adzukulu, anthu oyendetsa maliro, ndipo anabwera ndi yankho loti adikira pang'ono pokha, chifukwa kumanda n'kutali ndipo dzuwa lapita. Mzere wa anthu oona nkhope unkadutsa, tinkamva kulira kukukwera n'kutsika munthu aliyense akafika pabokosi. Amayi anatambasula dzanja kuloza kumene kunali laputopu. Anapempha kamodzi kokha, ndi mawu otsika, kuti mwina angowabwezera.

"Tangotsala pang'ono, mayi. Igwira pompano," anatero Bambo Mbewe osacheuka. Thukuta linali litanyowetsa kolala ya shati yawo.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga umagona. M'nyumba muja munali anamwino, aphunzitsi a kuyunivesite, anthu oti kuntchito amapulumutsa miyoyo. Aliyense ankadziwa chochita. Kunali kungozula chingwe basi, chithunzi n'kubwerera pa laputopu. Ndinaona Anti Rose akuyang'ana chingwecho. Ndinaona mkulu wina akusuntha dzanja, n'kulibwezanso m'thumba. Palibe anazula, chifukwa kuzula kunali kuuza Bambo Mbewe pamaso pa anthu kuti TV imene anayenda nayo kuchokera ku South Bend yalephera. Nyumba yonse inasankha kusunga ulemu wa bambo mmodzi, mayi wofedwa ali chitambasulire dzanja.

Yamikani ananenanso kuti adzukulu akufuna kutseka bokosi. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangodzuka, ndinadumpha miyendo ya azimayi, chinthu chimene mwana wolangizidwa sachita, ndinakankha azibambo awiri n'kulowa pakati pawo. Dzanja la Bambo Mbewe linali pa chingwe. Ndinalimenya, n'kuzula chingwecho. Ndinalankhulanso, m'Chingerezi, chifukwa ndikapsa mtima masiku amenewo Chichewa chinkathawa. Ndinawauza kuti atenge TV yawo yopusayo achoke nayo m'nyumba mwathu.

Sikirini ya laputopu inayaka. Ndinali nditawerama pamwamba pake, ndipo ndinaona achimwene. Anthu ena onse maso anali pa ine kapena pa TV yabuluu ija, choncho ndinaona ndekha. Sizinatenge nthawi, mwina kupuma kamodzi. Kenako chivundikiro cha bokosi chinatsika. Ndinanyamula laputopu kuthamangira nayo pamatiresi, koma pamene ndinkaiika pamiyendo ya amayi panali thabwa lokha ndi manja a anthu akumanga. Amayi anayang'ana thabwalo, anaika chikhatho pa sikirini, ndipo analira kulira kumene sindinakumvepo chiyambire.

Chithunzi chinadzafika pa TV ija pambuyo pake, anthu ali kale pa njira ya kumanda, wina atapeza podina. Sichinali chithunzi choti n'kuonapo tsitsi. Kanema wochokera pa foni ya kumudzi anali wamng'ono kuyambira kale, ndipo atamutambasula pa chinthu chachikulu chija anangosanduka timabokosi tosuntha, tofiira ndi tobiriwira. Sunkatha kusiyanitsa munthu ndi mtengo. Pa laputopu yakale ija tinkaona bwino kuposa pamenepo.

Mungaganize kuti masiku otsatira anthu ankakamba za mayi amene sanaone nkhope ya mwana wake. Ayi ndithu. Nkhani inali ya ine. Inafika ku South Bend TV isanafike. Ankati ana okulira kuno ndi choncho, alibe mwambo. Ankati mwana wa mayi uja wamenya wamkulu pamaliro, wamutukwana m'Chingerezi. Ena ankati amayi atanganidwa ndi ntchito, alephera kulera. Kutchalitchi azimayi ankandiyankha moni ndi m'mphuno. Ine sindinkasamala, koma ndinkaona amayi akuwerama mutu polowa, ndipo zinkandiwawa.

Masabata angapo atapita, Loweruka lina amayi anandiuza kuti ndivale chitenje, tikupita ku South Bend kukapepesa. Ndinafunsa kuti wopepesayo ndani. Anati ineyo. Ndinakana, ndinalira, ndinamenyetsa chitseko. Amayi anangoima ndi makiyi m'manja mpaka ndinatuluka.

Kwa a Mbewe anatilandira bwino. TV ija inali itabwerera pakhoma pake, ikuonetsa mpira, udzu wa m'bwalo ukuoneka umodziumodzi monga ankanenera. Ndinagwada pa kapeti, manja pamodzi, n'kunena mawu amene amayi anandiphunzitsa, kuti ndinalakwa, ndinachita mwachibwana, andikhululukire. Bambo Mbewe anandisisita pamutu n'kunena kuti nkhani yatha, mwana amalakwa. Akanathera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma anatembenukira kwa amayi n'kuyamba kufotokoza kuti anafufuza, vuto silinali la TV.

"Ndi laputopu yanu ija, mayi. Ndi yakale, siisapota 4K. Mukafuna ndikuthandizani kusaka ina."

Ndinayang'ana amayi ndili chigwadire. Ndinkadikira kuti anene kanthu, ngakhale kamodzi. Iwo anangoti zikomo. Maso awo anapita pa TV ija n'kukhala pomwepo. Bambo Mbewe anaona, anatenga rimoti n'kuzimitsa, ndipo kwa kanthawi anangokhala akuitembenuza m'manja. Pepani wawo anali ameneyo. Wa pakamwa sindinamumve, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Pobwerera ndinalephera kupirira. Tili pa msewu wautali uja wodutsa m'minda ya chimanga chouma, ndinawafunsa amayi chifukwa chake ine ndi amene ndagwada, pamene wolakwa anakhala pampando. Ndinawauza kuti ndi amantha. Ndinanena zambiri, ndipo sanandidule. Nditamaliza anafunsa ngati ndikuganiza kuti iwo sanakwiye.

"Ndakwiya kuposa iwe," anatero. "Koma ndikadzafa kuno, adzandinyamule ndani? Iwe wekha? Anthu aja ndi amene tili nawo. Amene anandilanda laputopu ndi omwewo anatiyalira pogona titafika."

Ndinati zimenezo sizikuwapatsa ufulu. Amayi anavomera kuti sizikuwapatsa. Anati iwonso anali ndi manja awiri ndi pakamwa, ndipo anatsegula manjawo okha. Kenako anapatutsa galimoto pamalo omwetsera mafuta, n'kuzimitsa injini. Kuyambira tsiku la maliro anali asanandifunse, inenso ndinali ndisananene, chifukwa ndinkaopa kuti ndinatenga chinthu chimene chinali chawo.

"Unamuona?" anafunsa.

Ndinati eya.

"Tandiuza."

Ndinawauza. Ndinati anawakulunga nsalu yoyera mpaka m'khosi. Chipsera chija cha pansidze, chimene anadzivulaza ali mwana atagwa mumtengo, chinkaoneka. Nkhope sinawonongeke, ngozi sinaikhudze. Ndinati anali ndi ndevu.

Amayi anatembenuka kundiyang'ana. "Ndevu? Limbani?"

Anamusiya mwana wawo pa bwalo la ndege chibwano chili see. Zaka zonsezo ankalankhula naye pa foni akuona m'maganizo kamnyamata komweko. Anaseka, kuseka kwenikweni, kenako kusekako kunatembenuka, ndipo tinalira tonse m'galimoto muja, anthu akumwetsa mafuta pambali pathu. Anandifunsa ngati zinali zambiri, ngati zinkamukhala, ngati ankafanana ndi bambo. Ndinayankha zimene ndinatha.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndikumvetsa chimene amayi anandigwaditsira. Sanali kunena kuti ndinalakwa kuzula chingwe. Ankanditetezera malo pakati pa anthu athu, m'dziko limene munthu wopanda anthu ake amadwala yekha n'kufa yekha. Pamene amayi anadzachitidwa opaleshoni, amene anabwera kudzakhala nane kuchipatala anali a Mbewe omwewo ndi akazi awo. Ndinawalandira, ndinawathokoza, ndipo zinali zochokera pansi pa mtima. Koma ndikumvetsanso china chimene palibe wamkulu anandiphunzitsa. Thandizo limene sunafunse mwini wake likhoza kulanda munthu chinthu chimene sungamubwezere. Ndipo ulemu umene umachititsa nyumba yodzaza anthu akuluakulu kungoyang'ana mayi akutaya mwana wake kachiwiri, ulemu umenewo ine sindiufuna.

Masiku ano maliro akagwa kwathu ndipo abale ali kuno, nthawi zambiri amene amakonza zoonetsera ndine. TV ndimailumikiza ku kompyuta ina, ndipo ndimayesa dzulo lake. Chimene chili m'manja mwa wofedwa, kaya ndi foni yosweka galasi, palibe amachikhudza. Wina akayandikira ndi chingwe, kaya ndi mkulu wa mpingo, ndimamuuza mwaulemu, m'Chichewa chabwino, kuti abwerere pamene anakhala. Amandinena kuti ndine wovuta, ndipo ndimavomera.

Amayi anadzapeza mapepala, anapita ku Balaka, anakaona manda. Koma chaka chilichonse mwezi wa maliro uja ukafika, amandiimbira foni, timakamba zina ndi zina, kenako amafunsa za ndevu zija ngati kuti sanamvepo. Ndimawauza zomwezo. Chimene sindiwauza n'chakuti nkhope ija ikuyamba kufufutika m'mutu mwanga. Ndinaiona kupuma kamodzi kokha, ndili mwana, ndili wokwiya, ndipo palibe wina m'nyumba muja amene ndingamufunse.